Maliro a Fabiano Amene Tidawasiya Panjira

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu Atate, amene wandisunga mpaka mano atsala owerengeka m'kamwamu, koma nzeru sanandilande. Ndimuthokozenso chifukwa cha inu adzukulu anga, amene mwadzaza khonde lino ngati anapiye pamene sukulu zatsekera. Pakadapanda chifundo chake, bwenzi ndili kuseri kwa mitengo ija, kumene anzanga ambiri adatsogola kale.

Ndasankha kulemba chifukwa ndikamayankhula mumagwedeza mitu, koma maso ali pa foni. Dzulo ndinakupezani mwaunjikana pa foni ya Tadala, mukuseka mpaka Yamikani kugwa pampando. Nditayandikira ndinamva mawu amene ndimawadziwa bwino monga ndimadziwira a agogo anu aakazi: "Ine sindipepesa!" Inu munati, "Agogo, bwerani mudzaone Tsabola, malemu wa m'mafilimu uja." Ine ndinangokhala pansi. Munthu amene inu mumamutcha Tsabola, ine ndidaweta naye mbuzi. Dzina lake la ubatizo ndi Fabiano, ndipo adagona konkuno ku Lobi, kumanda kwathu komwe kuja. Koma padatsala pang'ono kuti aikidwe popanda nyimbo, popanda anthu, ngati mtayo. Nkhani imeneyo ikandibwerera, mtima umandithamangabe. Ndiye ikani mafoniwo pansi, muwerenge.

Ine ndi Fabiano masewero tidayambira kutchalitchi. Inu mumaona anthu a m'mafilimu atavala zonyezimira, koma ife zovala zathu zinkachokera kumunda. Chisoti cha msilikali chidali chikho chodula pakati, lupanga lidali nsungwi, ndevu zidali za khonje titazinyika m'mwaye, ndipo magazi a Ambuye adali madzi a chidede. Chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera tinkachita sewero la masautso a Ambuye Yezu, kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka pa kaphiri ka kuseri kwa sukulu. Nyengo imeneyo chimanga chimakhala chitakhwima, maungu ali mbwee m'mizere, koma tsikulo tinkasala kudya. Fungo la chimanga chootcha lochokera kwa anzathu a mipingo ina linkatiyesa kuposa mdierekezi. Inu a masiku ano mukasala tiyi wa m'mawa wokha mumayenda ngati odwala malungo.

Ine ndinkakhala Petulo, poti ndidali wamantha chibadwire. Kukana ndi kulira sindinkachita kuphunzira. Fabiano ankakhala Yudasi, chifukwa padalibe wina wofuna mbali imeneyo. Ankadzipaka mwaye kumaso, n'kumangirira m'chiuno kathumba ka zitsekerero za mabotolo, n'kumayenda cham'mbali ngati nkhanu, maso akuyang'ana uku ndi uku. Akamupsompsona Yezu, amayi ankakuwa zenizeni. Komatu munthu wake adali wofatsa. Kupha nkhuku ankaopa, ankachita kuitana mlongo wake Rozina kuti adzagwire mpeni. Ndidamufunsa tsiku lina tikupalira nyemba, kuti nkhanza zonse zija amazitenga kuti. Adati, "Ndimangokumbukira zimene ndimafuna kuchita anthu akandiputa, n'kuzitulutsira pabwalo, kuti zisagone nane."

Chaka china gogo wina adamugenda ndi chibuma pamsana sewero lili m'kati, ndipo ana adamutcha Yudasi mpaka Pentekoste. Ena ankamumana ngakhale madzi akumwa. Apo m'pamene akatekisti a masiku amenewo adaika mwambo umene sindidauonepo kwina kulikonse. Sewero likatha, anthu asadabalalike, Petulo ankatenga beseni la madzi ndi kansalu, n'kumupukuta Yudasi kumaso mpingo wonse ukuona, n'kunena mokweza kuti, "Uyu si Yudasi. Uyu ndi Fabiano, mwana wa kwathu, mkhristu mnzathu." Anthu ankayankha kuti, "Tamuona." Akatero m'pamene ankabwera kudzamugwira chanza.

Usaseke, Mphatso. Ukuganiza kuti tidali anthu opusa, osadziwa kuti ndi sewero? Tinkadziwa. Koma maso akaona chinthu, mtima umachisunga, ndipo umafuna kuti chichotsedwenso poyera monga chidalowera. Ndidamupukuta choncho zaka zambiri, iye akundinong'oneza, "Petulo, pang'onopang'ono, ukundisupula khungu. Si mphika uno." Kuyambira pamenepo sankanditchulanso Sitefano. Kwa iye ndidali Petulo basi, ngakhale pa tsiku la ukwati wanga.

Kanema woyamba tidakamuonera ku Mayani. Masiku ano mumakwera njinga yamoto n'kumadandaula fumbi. Ife tidayenda wapansi m'tinjira ta m'mapiri, titamanga chigumu ndi kachewere wootcha pa kansalu, nsapato palibe, minga tikuchotsana panjira. Kudabwera galimoto, adamanga nsalu yoyera pa mitengo iwiri, ndipo dzuwa litangolowa anthu adayamba kuyenda pansalupo. Ife tonse kukamwa kuli yasa. Fabiano adanyamuka n'kuzungulira kuseri kwa nsalu kuti akaone ngati anthuwo ali komweko. Adabwerako ali duu. Pobwerera kumudzi adati, "Petulo, kuseri kuja kulibe munthu. Koma tsiku lina ine ndidzalowa m'nsalu imene ija."

Ine ndidati, "Ukadzalowamo, adzakutulutsa ndani?"

Tidaseka. Sindidadziwe kuti ndafunsa funso lolemera.

Adachoka atakula ndithu. Tidamuperekeza pa ngolo ya ng'ombe yonyamula kachewere mpaka ku Linthipe, kumene adakwera lole ya ku Lilongwe atakhalira matumba a kabichi. Ine ndidatsala. Ndidakwatira agogo anu a Naphiri, ndidalima chimanga ndi nyemba, ndidalera makolo anu. Mbali ya Yudasi adatenga ena, koma sankaitha. Anthu ankangowaseka, ndipo mwambo wa beseni udazilala wokha. Fabiano kutauni adayamba ndi ulonda, kenaka tidamva mawu ake m'masewero a pa wailesi. Patapita zaka, imvi zitayamba kutuluka, mafilimu a Chichewa adafika m'nyumba za vidiyo, ndipo m'pamene adatchuka. Nthawi zonse ankamupatsa mbali ya munthu woipa, m'bale wolanda katundu wa ana amasiye, bwana wozunza antchito. Adali Yudasi yemwe uja, kungoti tsopano wavala jekete. Anthu ankanyadira kuti mwana wa ku Lobi walowa m'kanema, koma ine ndinkada nkhawa. Ndikagwira kolona ndinkamuikamo, n'kumafunsa, Ambuye, kumene kuja akumupukuta ndani?

Tsiku lina m'chilimwe adatulukira ndi magalimoto ndi anyamata a makamera. Adati akufuna kujambula maliro a Tsabola, ndipo akufuna maliro enieni a kumudzi, osati a m'tauni olira mosamala zovala. Nyumba ya Rozina ikhale ya siwa, ine ndikhale m'bale wa womwalira, ndipo kwaya yathu iimbe. Wotsogolera kwaya adali a Nambewe, mayi amene akayamba nyimbo ngakhale munthu wouma mtima ankagwetsa misozi. Amuna awo adali atamwalira chaka chomwecho.

Ine ndidamukokera pambali.

"Fabiano, m'bokosi la maliro salowamo munthu wamoyo. Anthu adzati ukulaula mudzi."

"Petulo, mantha ako aja sadathebe? Tambala adalira kalekale, bambo. Si iwe unkaona Yezu akufa chaka ndi chaka, mawa lake n'kumakadya naye maungu?"

"Ija idali ntchito ya Mulungu."

"Iyinso ndi yake. Anthu aone mathero a munthu woipa."

Ndidagonja. Koma ndidakonza beseni langa ndi kansalu, n'kuziika kuseri kwa nyumba, kuti zikatha ndimupukute anthu akuona.

Adamupaka ufa kumaso kuti aoneke wakufa, n'kugona m'bokosi. A Nambewe adavomera kuimba chifukwa cholemekeza Rozina. Nyimbo imene adayambitsa idali yomwe idaimbidwa poika amuna awo, ndipo misozi idabwera yeniyeni. Amayi onse adalira, aliyense akulira wake amene adataya. Ngakhale ine ndidaiwala zimene adandiuza kuti ndinene. Ndiye mkulu wa ojambula, mnyamata wa chipewa chotembenuza, adakuwa nyimbo ili pakati: "Basi, basi! Sizinaoneke bwino. Amayi, tayambiraninso, koma muzilira moyang'ana kuno." Adawabwerezetsa mpaka mawu kusasa.

Anyamata a m'mudzi adanyamula bokosi kulitulutsa m'nyumba, n'kuyenda nalo mpaka kumsewu. Apo n'kuti dzuwa litapendeka, ojambula akuthamangira kukajambula zina ku Linthipe kusadade. Adangokweza bokosi pagalimoto, Fabiano ali momwemo, n'kuliza injini. Akuti adatulukira m'bokosimo panjira, akuseka, koma ife sitidaone. Chimene tidaona ndi fumbi. Ine ndidatsala chiimire pamsewu, beseni lili m'manja, madzi akugwedezeka.

Mudzi udakhala zii. Anthu sadadziwe chochita. Asambe monga timachitira tikachoka kumanda, kapena asasambe? Asese pa nyumba ya Rozina, kapena ayi? Aliyense adangolowera kwake ndi misozi yosauma. Sipadapite nthawi yaitali, mwana wina adamwalira m'mudzi, ndipo ena adati ndi malodza a bokosi lija. Ine zimenezo sindikhulupirira, poti moyo uli m'manja mwa Mulungu, koma pakamwa pa anthu sungatseke ndi chikhatho. Choipa kwambiri chidabwera filimu itatuluka. Ku Mayani anyamata ankaonera m'nyumba ya vidiyo, n'kumaseka nkhope ya a Nambewe ikulira, n'kumawatsanzira akamadutsa pamsika. Mayi wamasiye, misozi ya mwamuna wake, anthu n'kumaiseka. Pa msonkhano wa mphakati a Nambewe adangonena mawu ochepa: "Fabiano tidamulira kale. Munthu saliridwa kawiri." Ndipo anthu adagwirizana nawo.

Fabiano adamva. Manyazi adamugwira, ndipo sadapondenso kumudzi. Tinkangoyankhulana pa foni, kafoni kanga ka mabatani kamene mumakaseka kaja. Ankafunsa za mvula, za mapichesi ngati abereka, za ng'ombe za Rozina. Ndikati, "Bwera udzaonane ndi a Nambewe," ankati, "Chaka chamawa, Petulo, tikakolola." Chaka chamawa chimenecho ana inu muzichiopa, sichifika.

Tsiku lina tidamva kuti wagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe, ndipo ndidapita ndi Rozina. Munthu wa mawu a bingu uja tidamupeza atatsala mafupa. Odwala anzake ankamutcha a Tsabola, n'kumamupempha kuti anene mawu ake aja, iye n'kumanena, akutsokomola, kuti aseke. Bambo mfumu adali atamumvetsera kulapa ndi kumudzoza mafuta a odwala, choncho za mzimu wake mtima wanga udakhala pansi. Koma iye adandigwira mkono.

"Petulo, kodi kumudzi adzandiimbira?"

"Usayankhule zimenezo, uchira iwe."

"Wayambatu kukana. Tandiyankha."

"Sindikudziwa, mbale wanga."

Adatseka maso. "Ukawauze a Nambewe kuti Tsabola sapepesa, koma Fabiano akupepesa. Ndipo iwe ntchito yako ija sudaimalize. Ufa uja udakali kumaso kuno. Ndimaumva."

Adamwalira nyengo ya chisanu, chija chimalowa m'mafupa ngakhale wafunda mabulangete awiri. Wailesi zidalengeza, zithunzi zake zidadzaza m'mafoni. Anthu a m'tauni adachita mwambo wawo komweko, ndi zoyankhula zambiri, kenaka adatumiza thupi kwathu ndi anzake owerengeka.

Galimoto idafika masana. Ana inu, mudaonapo maliro akulowa m'mudzi popanda mfuu? Mulungu asakuonetseni. Kale sitinkaika m'mabokosi opaka utoto ngati lero, tinkakulunga m'mphasa, koma ngakhale mmphawi wopanda mbuzi ankalandiridwa ndi kulira kuyambira kumsewu. Apa masamba odziwitsa za maliro tidaika pamsewu ine ndi Rozina tokha. M'nyumba ya siwa mudali Rozina, agogo anu ndi achibale owerengeka. Amfumu malo a manda adapereka, akatekisti adati mapemphero adzatsogolera, koma kwaya ndi amayi a mphakati sadaoneke. Okumba manda, ena mwa iwo omwe adanyamula bokosi lija ali anyamata, adandiuza mwaulemu: "Madala, ife tidanyamula kale. A Nambewe akayamba nyimbo, makasu ali pafupi. Akapanda kutero, ife sitingayambe."

Rozina adandigwira miyendo. "Achimwene, alongo anga aikidwa ngati mtayo? Thupi silingadikire. Mawa likapanda kulowa m'nthaka, titani ife?"

Ndidamuuza kuti Mulungu alipo.

M'mawa mwake, nkhungu itakuta phiri, ndidapita kwa a Nambewe. Ndidawapeza kudimba akukumba kachewere. Inu simungamve kulemera kwake. Munthu kugwira khasu m'munda pamene m'mudzi muli maliro, ndiye kuti wanena zonse. Ndidagwada pamzere.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka. Kaya inu a Petulo a m'mafilimu."

"Ndabwera ndi mawu a malemu. Adati ndikuuzeni kuti akupepesa."

"Miyendo adali nayo zaka zonsezi. Msewu wa ku Lobi udatsekedwa?"

"Manyazi, mayi."

"Manyazi? Ine ndinkapita kumsika ana akundilirira kumbuyo ngati mbuzi. Misozi ya bambo a ana anga idasanduka choseketsa anyamata. Lero ndikaimbenso kuti wina ajambule? Tidamulira kale."

Ndidafuna kuwakumbutsa za kukhululuka, ndi za Tobiti amene ankasiya chakudya patebulo n'kukaika akufa. Koma Malembo ankawadziwa kuposa ine, ndipo munthu wopwetekedwa sumugenda ndi mavesi. Ndidapemphera chamumtima kuti Mzimu Woyera andibwereke mawu. Zimene zidatuluka ndi izi:

"Mayi, mukunena zoona, tidamulira. Koma ndifunseko. Tsiku lija tidamuika?"

Khasu lidaima.

"Tidamutulutsa m'nyumba, tidamufikitsa pamsewu, basi. Sitidakumbe, sitidasambe, sitidasese, sitidamete. Maliro aja adakali panjira mpaka lero. Ine sindikupempha maliro achiwiri. Ndikupempha kuti timalize omwe aja."

Adandiyang'ana. Kenaka adawerama n'kupitiriza kukumba. "Pitani, a Sitefano. Mukundipondera mbewu."

Ndidabwerera ku nyumba ya siwa. Dzuwa lidakwera, nkhungu idachoka. Pabwalo padali anthu tsopano, koma osati amene tinkawafuna. Adali achinyamata ochokera ku Mayani ndi ku Linthipe, mafoni ali m'mwamba, ofuna kuona Tsabola. Wina adakuwa, "Ine sindipepesa!" anzake n'kuseka. Anthu a m'mudzi adaima patali, kuseri kwa nkhokwe ndi m'mipanda, akungosuzumira. Akatekisti adandinong'oneza, "Nthawi ikutha, madala. Kodi tipemphe alendowa atithandize kukumba?" Alendo kukumba manda a mwana wa m'mudzi, eni ake akuonerera!

Achibale adatulutsa bokosi pakhonde kuti tione nkhope. Atatsegula, ndidasuzumira. Ku nyumba yachisoni adamupaka paudala kumaso, monga amachitira kutauni. Adaoneka ndendende ngati tsiku lija, nkhope ili mbuu. Agogo anu adandiyang'ana, adalowa kuseri, n'kubwera ndi beseni la madzi ofunda ndi kansalu. Amayi amenewa muziwalemekeza, ana inu. Amakalipa, koma amaona.

Ndidagwada. Ndidauza achinyamata aja kuti, "Tsitsani mafoni, ana anga. Izi si zojambula." Ena adatsitsa, ena ayi. Ndidayamba pamphumi, pang'onopang'ono, poti ndidakumbuka kuti si mphika. Khungu lake lakuda lidayamba kuoneka, ndi chipsera chimene adachipeza atagwa mumtengo wa mapichesi tili ana. Madzi adatayikira pa jekete lake. Ndidaimirira. Ndidanena mokweza:

"Uyu si Tsabola. Uyu si Yudasi. Uyu ndi Fabiano, mwana wa kwathu, mkhristu mnzathu."

Palibe adayankha. Kunkamveka mphepo yokha m'mitengo ya bulugamu. Achinyamata mwambowo sankaudziwa, ndipo akuluakulu amene ankaudziwa adali kuseri kwa mipanda, maso ali pansi. Ndidaima pamenepo ndi kansalu kodontha, ndipo ndidamva chimene Petulo weniweni adamva pamene madzi a m'nyanja adayamba kumumiza. Ndidati chamumtima, Ambuye, ine zanga zathera pano. Gwirani dzanja ndinu.

Kenaka ndidamva mapazi kumbuyo kwanga. Adali a Nambewe, dothi la kudimba lidakali kumapazi ndi m'manja. Achinyamata aja adapatuka okha. Adafika pabokosi, adayang'ana nthawi yaitali, n'kunditsomphola kansalu.

"Tandipatsani kuno. Amuna simudziwa kupukuta. Taonani mwasiya kukhutuku."

Adayamba asamba m'manja, kenaka adamupukuta kuseri kwa makutu ndi m'mbali mwa mphuno, ngati mwana amene akumukonzekeretsa ulendo wa kutchalitchi. Atatha adati motsitsa mawu, "Wakalambatu, Fabiano." Ndiye adatembenukira ku mipanda kuja n'kunena mokweza:

"Tamuona."

Kuseri kwa nkhokwe nkhalamba ina idayankha, "Tamuona." Kumpanda inanso. Mawu adayenda choncho mmodzimmodzi mpaka kuzungulira bwalo.

A Nambewe adayamba nyimbo yomwe ija, ndipo adayambira pa ndime imene mnyamata wa chipewa adawadulira. Mawu awo adali atakalamba, koma amayi adatuluka m'nyumba akumanga nsalu m'chiuno, n'kuilandira. Nyimbo isadathe ndidaona makasu ali pamapewa, akulowera kumanda. Tidamuika dzuwa litapendeka. Tidasamba. Tidasesa pa nyumba ya Rozina, ndipo pa tsiku lometa ine ndidali woyamba kupereka mutu, ngakhale panalibe tsitsi lambiri loti lumo livutike nalo.

Tsopano mwamva. Sindikukuletsani kumuonera. Muziseka ndithu, iye ankakonda kuti anthu aziseka. Iwe Tadala, ndamva kuti kusukulu umachita masewero ndipo umakonda mbali za anthu ovuta. Sindikukaniza, mphatso ndi ya Mulungu, ndipo wokwirira yake m'nthaka sadayamikidwe. Koma nkhawa yanga siinathe. Masiku ano nonse mudalowa m'nsalu ija. Aliyense ali ndi nkhope yake ya m'foni, ndi dzina lina limene ine sindilidziwa, ndipo ndikamakuonani mukuwerama pamenepo funso lija limandibwerera, lakuti adzakutulutsani ndani. Ife amene tinkadziwa kuyankha kuti tamuona tikutha. A Nambewe adagona, Rozina sakuonanso bwino. Beseni lija lili kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga. Labooka pang'ono m'mbali, koma madzi limasungabe. Ine ndikadzagona musadzalitaye, ndipo iwe Yamikani usadzaikemo madeya a nkhuku.

Mulungu Atate, amene amakudziwani musanatchulidwe dzina ndi munthu aliyense, akusungeni m'maulendo anu onse. Akupatseni miyendo yobwerera kwanu nthawi ikadalipo, ndi pakamwa popepesa muli amoyo. Akupatseni mnzanu, ngakhale wamantha ngati ine, amene sadzachoka pambali panu. Ndipo pa tsiku lomaliza, Ambuye Yezu mwini akupukuteni kumaso ndi manja ake, akutchuleni dzina lanu la ubatizo, ndipo oyera onse ayankhe kuti akuonani. Amen.